Golf 5 GTI ikudula mphamvu turbo ikangoyamba kukankha: kodi ndi pampu ya m'thanki kapena ya pa injini?

WaKuDedza, Turffontein

Moni achimwene ndi achemwali nonse amene mumadziwa za injini zokhala ndi turbo. Ndikupempha nzeru pa vuto la galimoto yanga ndisanapereke ndalama zambiri ku galaja. Galimotoyi ndi Golf 5 GTI ya chaka cha 2007, ya injini ya 2.0 TFSI ndi giya yosintha pamanja, ndipo yayenda makilomita opitirira 210,000. Ndinaigula kwa munthu wina kuno ku Johannesburg, ndipo buku lake la sevisi linalekera panjira kalekale.

M'misewu ya m'tauni imayenda bwinobwino. Vuto limabwera pa msewu waukulu, makamaka pa N1 ndikamalowera ku Midrand, pamene ndili mu giya yachinayi ndipo ndaponda moto kuti ndipitirire thiraki. Injini ikafika cha pa 3,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi), turbo itangoyamba kukankha mwamphamvu, galimoto imadula mphamvu mwadzidzidzi n'kugwedezeka, ndipo ndikachotsa phazi n'kupondanso pang'onopang'ono imapitiriza ulendo mopanda vuto. Chodabwitsa n'chakuti ndikatsitsa giya, injini n'kumazungulira pamwamba pa 5,000 rpm, kudula mphamvu kuja sikuchitika kawirikawiri. Palinso chinthu china chimene chinayamba chisanabwere chimenechi: ndikaima pa maloboti injini imanjenjemera, ma rpm amakwera ndi kutsika okha, ndipo ndikatsegula boneti ndimamva kakhweru kochokera cha pamwamba pa injini.

Getsi la injini pa dashibodi linayaka, ndipo atalumikiza makina owerengera anapeza makhodi atatu, P0087, P2187 ndi P0171. Amakanika amene ndinapitako anandiuza kuti makhodi onsewa akutanthauza chinthu chimodzi, choti injini ikuperewera mafuta, choncho ndigule pampu yatsopano ya m'thanki, ndipo ikapanda kuthandiza tidzaone mainjekita. Sanayeze pulesha ya mafuta, ndipo ndi pamenepo pamene mtima wanga unakayikira.

Mu Disembala ndikufuna kupita kumudzi ndi banja langa pa galimoto yomweyi, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, titanyamula katundu. Ndikufuna kudziwa zinthu zitatu. Kodi n'zoona kuti makhodi atatuwa akuloza pampu ya m'thanki? Kodi ndiyambe kuyeza chiyani, ndipo manambala abwino ndi otani? Komanso, kodi ndingapitirize kuiyendetsa popita kuntchito pamene ndikufufuza, kapena ndiyiike pansi?

Makanika wa ku Booysens

Achimwene, malinga ndi mmene mwafotokozera, ine ndikuona matenda awiri osiyana amene agwira galimoto imodzi, ndipo pampu ya m'thanki singachize onse awiri.

Tiyambe ndi tanthauzo la kuperewera mafuta, komwe m'magalaja timati lean. Injini ya petulo imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera kwake, ndipo muyeso umenewu ndi umene makina amaonetsa kuti lambda 1. Turbo ikamakankha mwamphamvu, kompyuta ya injini imaonjezera dala petulo mpaka lambda kutsikira cha ku 0.8, chifukwa petulo woonjezerayo amaziziritsa mapisitoni, mavavu ndi turbo imene. Muyesowu ungasokonekere m'njira ziwiri: kapena mafuta afika ochepa, kapena mwalowa mpweya umene kompyuta sinauwerenge. Khodi ya P0171 simasiyanitsa njira ziwirizi, imangonena kuti sensa ya mu ekizozi yaona mpweya wochuluka. Makhodi ena awiriwo ndi amene akutiuza zambiri.

P2187 ikunena za kuperewera mafuta pamene injini ikulira galimoto ili chiimire. Pa nthawi imeneyo injini imamwa petulo wochepa kwambiri, moti ngakhale pampu yotopa imakwanitsa kudyetsa. Choncho pa maloboti sindikukayikira pampu, ndikukayikira mpweya wolowera kumbali. Mpweya wonse umawerengedwa ndi sensa ya MAF imene ili kutsogolo kwa turbo, ndipo uliwonse wolowa kuseri kwa sensayo kompyuta siupatsa petulo wake. Pa injini ya EA113, imene ili mu GTI yanuyo, malo oyamba kuwayang'ana ndi vavu ya PCV, imene imatulutsa mpweya wa m'malo oyendamo oyilo n'kuubwezera m'mapaipi a mpweya, yomangidwa kutsogolo kwa chivundikiro cha mavavu. Mkati mwake muli kamphira kopyapyala kamene kamang'ambika kakakalamba, ndipo kakang'ambika injini imayamwa mpweya kudzera m'malo oyendamo oyilo, n'kumaimba kakhweru kamene mukumvako. Muyese chonchi: injini ikulira, tsegulani chotsekera pothirira oyilo. Injini yabwino imakoka chotsekeracho pang'ono chabe, koma ngati chikukakamira kwambiri, ndipo khweru uja wasintha kapena wasiya mutachichotsa, PCV yatha. Ikapezeka yabwino, pemphani galaja yokhala ndi makina opopera utsi m'mapaipi a mpweya, chifukwa utsiwo umatulukira pomwe pang'ambika.

Dziwaninso kuti paipi yong'ambika pakati pa turbo ndi injini imachita zosiyana turbo ikamakankha. Pamenepo mpweya sulowa, umathawa utawerengedwa kale, ndiye petulo amachuluka m'malo mochepa, ndipo khodi imene imabwera kawirikawiri ndi P0299. Ndiye paipi yong'ambika singatifotokozere kudula mphamvu kwa pa N1.

Kudula kumeneko ndi nkhani ya P0087, imene ikunena kuti pulesha ya mafuta mu rail, paipi yachitsulo yodyetsa mainjekita, yatsika kuposa imene kompyuta yapempha. Galimoto yanu ili ndi mapampu awiri. Ya m'thanki ndi yamagetsi, ndipo ntchito yake n'kutumiza petulo kutsogolo pa pulesha ya pakati pa 4 ndi 6 bar. Yachiwiri ili pa mutu wa injini, siyendera magetsi koma imakankhidwa ndi camshaft yolowetsa mpweya (chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavavu), imene kumapeto kwake ili ndi malo otukuka atatu. Pampu imeneyi ndi imene imakweza pulesha kufika cha pa 50 bar galimoto ili chiimire ndi cha pa 110 bar mukaponda moto wonse, chifukwa mainjekita a injini imeneyi amapopera petulo molunjika mu silinda. Pakati pa camshaft ndi pampuyo pali kachitsulo kotchedwa cam follower, kooneka ngati chotsekera botolo, ndipo kachitsulo kameneka kamaperepeseka ndi nthawi. Kakapyapyala kapena kubooka, pisitoni ya pampu simakankhidwa mokwanira, ndipo pulesha imagwa pa nthawi yomwe ikufunika kwambiri.

Mwanena mfundo imodzi yofunika kwambiri, yoti vuto limabwera cha pa 3,500 rpm ndipo limachepa pamwamba pa 5,000. Popeza pampu ya pa injini imayendera camshaft, kuchuluka kwa petulo amene imapopa kumadalira liwiro la injini. Pa ma rpm apakati turbo ya galimoto yanu, ya mtundu wa K03, imakhala itakankha kale mpweya wambiri, injini ikufuna petulo wambiri pa kuzungulira kulikonse, koma pampuyo ikuyenda pang'onopang'ono, ndiye kufooka kwake kumaonekera pomwepo. Pampu ya m'thanki ikafooka, kawirikawiri imagonja kumtunda, pa ma rpm okwera, pamene petulo wodutsa pa mphindi imodzi ali wochuluka zedi. Zizindikiro zanu zikuloza ku mutu wa injini osati ku thanki.

Pezani munthu wokhala ndi laputopu ya VCDS, pulogalamu yowerenga kompyuta ya magalimoto a VW, osati kamakina kongowerenga makhodi. M'pulogalamuyo aone gulu la manambala 032, limene limaonetsa petulo amene kompyuta yaphunzira kuonjezera kapena kuchotsa: nambala yoyamba ndi ya galimoto ili chiimire, yachiwiri ndi ya poyenda, ndipo zonse ziyenera kukhala pafupi ndi ziro. Kenako mupite pa msewu wopanda magalimoto ambiri, inu mukuyendetsa, mnzanu atanyamula laputopu, musunge gulu 230 limene limaonetsa pulesha yopemphedwa ndi yopezekadi mu rail, komanso 231 la pulesha yochokera ku thanki. Mupondeko kamodzi mu giya yachitatu kapena yachinayi kuyambira pa 2,500 rpm, ndipo ikangodula muchotse phazi.

Pa funso lanu lomaliza, mukhoza kupita nayo kuntchito mofatsa, osalola turbo kukankha mwamphamvu, koma kwa masiku ochepa okha. Injini ya turbo ikaperewera mafuta itanyamula katundu imatentha mkati, imayamba kugogoda, ndipo imatha kusungunula pisitoni kapena kuswa m'mphepete mwake momwe mumakhala malingi. Ndipo ngati cam follower yabooka, kilomita iliyonse ikudya camshaft.

Mphwanu wa ku Tembisa

Akuluakulu, ine ndimayendetsa galimoto yoperekera katundu ndipo si ine makanika, koma ndikufuna kufunsa ngati nkhaniyi sikukhudzana ndi kukwera kwa malo athu ano. Johannesburg ali pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo aliyense amene anatsikirako ku Durban pa N3 amadziwa kuti galimoto imapeza mphamvu ikadutsa Van Reenen n'kumatsetsereka. Kodi mpweya wopepuka wa kunowu sungasokoneze muyeso wa petulo ndi mpweya? Chachiwiri, achimwene a ku Dedza sanatiuze petulo amene amathira. Ambiri a ife timathira 93 chifukwa ndi wotsikirako mtengo, ndipo ndinamva kuti injini za turbo sizigwirizana naye. Mwina asanamasule chilichonse ayambe athira 95 wodzadza thanki, aikemonso mankhwala otsuka mainjekita, aone ngati zisinthe.

Mayi wa Zamagetsi, Selby

Ine ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, choncho ndilankhula za mbali imene ndimaigwira tsiku ndi tsiku. Ndikugwirizana ndi bambo a ku Booysens kuti pali matenda awiri, komanso kuti cam follower iyenera kuonedwa msanga. Pamene ndikusiyana nawo pang'ono ndi pa kufulumira kuikhululukira mbali ya ku thanki. Pampu ya pa injini singapope petulo amene sanaifikire, ndiye mbali ya ku thanki ikafooka, khodi yake imakhalanso P0087 yomweyo. Ndaonapo magalimoto amene anasinthidwa pampu ya pa injini yodula, vuto lili pansi pa mpando wakumbuyo.

Pa Golf 5, mukatsegula chitseko cha dalaivala galimoto itagona nthawi yaitali, pampu ya m'thanki imalira kwa kanthawi kochepa kukonzekera kulizidwa kwa injini. Mvetserani kulira kumeneko m'mawa. Koma kulira kokha si umboni woti pampu ili bwino, chifukwa pampu yotopa imaliranso. Pampuyi silandira magetsi molunjika kuchokera ku relay monga zinkakhalira pa magalimoto akale. Pali kabokosi kotchedwa J538, pansi pa mpando wakumbuyo pafupi ndi chivundikiro cha pampu, kamene kamadula ndi kulumikiza magetsi mofulumira kwambiri kuti pampu izungulire pa liwiro limene kompyuta yafuna. Kabokosi kameneka kakakalamba kamafooka kakatentha, moti galimoto imayenda bwino m'mawa n'kudzayamba kuvuta itayenda ola lathunthu padzuwa. Chifukwa cha kadulidwe ka magetsi kameneka, mukayeza pa mawaya a pampu penipeni mupeza nambala yotsika ndi yosinthasintha, ndipo musathamangire kunena kuti waya wafa. Yezani pa waya wolowa m'kabokosiko, injini ikulira, ndipo mupeze magetsi ofanana ndi a pa batire, cha pa ma volt 14. Onaninso waya wa earth ndi pulagi yake ngati yada kapena kusungunuka.

Chinthu china chimene chimasocheretsa anthu ndi fyuluta ya petulo, imene ili kunsi kwa galimoto, kumanja, kutsogolo kwa tayala lakumbuyo. Fyuluta imeneyi ili ndi vavu yake mkati yochepetsa pulesha, ndipo nambala yake imalembedwa pa chitini. Ya injini za FSI ndi TFSI imalembedwa 6.4 kapena 6.6 bar, pamene ya injini wamba za Golf yomweyo imalembedwa 4 bar, koma kunja zimaoneka zofanana ndipo zimalowa pamalo amodzi. Galimoto yogula kwa munthu, yopanda buku la sevisi lokwanira, ikhoza kukhala ndi fyuluta yolakwika kapena imene sinasinthidwepo. Kuwerama ndi tochi n'kuwerenga nambalayo sikufuna ndalama. Komanso sensa ya G410, imene imauza kompyuta pulesha ya mbali ya ku thanki, imatha kunama ikakalamba, choncho nambala ya pa laputopu ikakhala yokayikitsa, itsimikizeni ndi geji yeniyeni yolumikiza pa paipi. Mukamasunga manambala aja, onani kuti yayamba kugwa ndi iti. Ngati pulesha ya ku thanki yagwa koyamba, ya mu rail n'kutsatira, vuto lili kumbuyo. Ngati ya ku thanki yaima nji pamene ya mu rail ikugwa, bambo a ku Booysens alondola.

Ndionjezere mawu amodzi okhudza chizolowezi chathu. Pampu ya m'thanki imaziziritsidwa ndi petulo amene yamiramo, ndiye kuyenda masiku onse getsi la mafuta lili chiyakire kumaifupikitsa moyo. Ndikudziwa kuti mtengo wa petulo ndi wowawa, koma ndalama yake ndi yomweyo kaya mukusunga thanki pa kota kaya pansi penipeni.

Achimwene a ku Tembisa, funso lanu ndi labwino, koma kukwera kwa malo sikuchititsa injini kuperewera mafuta. Pa magalimoto akale a kabuleta zinkachitika mosemphana, chifukwa mpweya ukapepuka petulo ndiye ankachuluka. Pa galimoto iyi sensa ya MAF imayeza kulemera kwa mpweya wolowa, ndipo kompyuta imapereka petulo molingana ndi kulemerako, kaya muli ku Sandton kaya ku Durban. Chimene kukwera kwa malo kumachita n'chakuti turbo imazungulira kwambiri kuti ifikitse pulesha yofunika, chifukwa ikuyambira pa mpweya wa cha pa 830 millibar m'malo mwa 1,013 wa ku nyanja. Amene adzawerenge gulu 115, loonetsa pulesha ya turbo, akumbukire zimenezi: injini isanalire nambala idzakhala cha pa 830, sensa sinafe, ndipo imeneyo ndiyo yochotsera pofuna kudziwa mmene turbo yakankhira.

Pa za petulo mwanena zoona mbali imodzi. Nambala ya 93 kapena 95 sinena za mphamvu kapena kuchuluka kwa petulo, imanena za kupirira kwake kuti asayake yekha nthawi isanakwane. Petulo wa 93 amagulitsidwa kumtunda kuno chifukwa injini zopanda turbo zimalandira mpweya wochepa ndipo sizigogoda msanga, koma turbo imabwezeretsa mpweya umenewo, choncho GTI imafuna 95 nthawi zonse. Komabe 93 sangatsitse pulesha mu rail, ndipo mankhwala otsuka mainjekita sangabwezeretse chitsulo chimene chaperepeseka.

Za ulendo wa Disembala, achimwene a ku Dedza, musanyamuke vutoli lisanathe. Musina ndi Tete ndi malo otsika komanso otentha kwambiri m'mwezi umenewo. Kumalo otsika turbo imadzuka msanga, pa ma rpm omwe pampu ya pa injini ili yofooka, ndipo petulo wa ku Zimbabwe ndi kwathu ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, amene amafunika wochulukirapo kuti awotche mpweya womwewo. Pampu imene ikulephera pa N1 galimoto ili yopepuka idzalephera koposa itanyamula banja ndi katundu.

WaKuDedza, Turffontein

Zikomo kwambiri bambo a ku Booysens, mayi a ku Selby ndi achimwene a ku Tembisa. Ndachita zimene munanena ndipo nazi zotsatira zake.

Chotsekera oyilo chinali chokakamira kwambiri injini ikulira, ndipo nditachichotsa khweru anasiya nthawi yomweyo. Gulu 032 linaonetsa +8 pa nambala yoyamba ndi +2 pa yachiwiri. Tasintha PCV pamodzi ndi gasiketi yake, ndipo kunjenjemera kwa pa maloboti kwatha. Petulo ndimathira 95 chigulireni galimotoyi. Fyuluta yalembedwa 6.6 bar, koma ikuoneka yakale kwambiri, choncho ndagula ina. Pa waya wolowa m'kabokosi ka pansi pa mpando tinapeza ma volt 14.1, ndipo pulagi yake ndi yoyera.

Pa msewu, pulesha ya ku thanki inakhala cha pa 5 bar osatsika ngakhale pamene galimoto inadula mphamvu. Ya mu rail ndi imene inagwa: kompyuta inkapempha 125 bar, koma yopezeka inatsika kufika cha pa 75 pa 3,600 rpm. Bambo a ku Booysens munanena za 110, ndiye nambala ya 125 yandidabwitsa.

Titaona zimenezi tinamasula pampu ya pa injini, titachotsa kaye waya wa batire ndi kukulunga nsanza polumikizira mapaipi. Cam follower yataya utoto wake wakuda wonse, pakati pake palowa mkati, ndipo pali kabowo kakang'ono koti kuwala kukudutsa. Nsonga ya pisitoni ya pampu ili ndi zokandika. Pa camshaft, poyang'ana ndi tochi, malo otukuka amene akuoneka ali ndi mizere. Galimoto ndaisiya pabwalo osailiza. Kodi ndingangoika cam follower yatsopano n'kutseka, popeza ndi yotsika mtengo, kapena ntchito yakula?

Makanika wa ku Booysens

Achimwene, kuisiya osailiza n'koyenera, ndipo mayi a ku Selby anachita bwino kutikakamiza kuyeza mbali ya ku thanki, chifukwa tsopano tikudziwa ndi manambala kuti pampu imene mumafuna kugula ija ilibe mlandu.

Yankho la funso lanu lili pa camshaft. Zungulitsani injini pamanja, ndi sipanala pa bawuti ya crankshaft, kuti muone malo otukuka onse atatu, osati amodzi okha amene akuonekera pa bowo. Pa malo alionse yendetsani chikhadabo modutsa mizereyo. Ngati ndi mizere yongooneka ndi maso koma chikhadabo chikudutsa mosalala, ndipo nsonga zonse zitatu zikadali zozungulira bwino komanso zofanana, camshaft ikhoza kukhalabe. Ngati chikhadabo chikukodwa, kapena nsonga ina yaphwatalala, camshaft iyenera kusinthidwa, chifukwa chitsulo chokandika chidzadya cam follower yatsopano m'makilomita ochepa, ndipo nsonga yophwatalala singakankhe pampu mokwanira ngakhale zina zonse zili zatsopano. Kusintha camshaft yolowetsa mpweya pa injini imeneyi ndi ntchito yaikulu, chifukwa imalumikizidwa ndi inzake ndi tcheni chakumbuyo kwa mutu wa injini, ndipo pamafunika zida zogwirira ma camshaft kuti asasunthe. Imeneyo ipatseni galaja imene inaigwirapo, ndipo poti atsegula kale, aone tchenicho ndi chokungira chake.

Pampu nayo, popeza nsonga ya pisitoni yakhudzana ndi camshaft kudzera pa kabowoko, ine sindingaibwezeretse. Nsonga yokandika imaboola cam follower yatsopano kuchokera mkati. Nunkhizaninso oyilo pa ndodo yoyezera, chifukwa pampu imeneyi ikatha imatha kudonthezera petulo mu injini, oyilo n'kusungunuka, ndipo oyilo wosungunuka amafulumizitsa kuperepeseka komweku. Chitsulo chimene chachoka pa cam follower chapita mu oyilo, choncho muthire wina ndi fyuluta yatsopano musanailize, wa muyeso wa VW 502.00, monga 5W-40 wolembedwa nambala imeneyo pa chigubu. Pa galimoto ya makilomita 210,000 ndingatsitsenso sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injini, n'kutsuka kasefa koyamwira oyilo. Pomanga, pakani oyilo woyera cam follower mkati ndi kunja, zungulitsani injini kuti pampu ikhale pa malo otsika a camshaft, ndipo mabawuti atatu aja muwamange mosinthanasinthana pang'onopang'ono mpaka 10 Nm, chifukwa akulowa mu aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kutha.

Tsopano za 125 bar. Pulogalamu ya ku fakitale ya injini yanu, imene imapereka 147 kW ndi 280 Nm, imapempha cha pa 110 bar. Kupempha 125 kukusonyeza kuti mwini wake wakale anasinthitsa pulogalamu ya kompyuta kuti galimoto ikhale ndi mphamvu zambiri, zimene zimachitika kwambiri ndi ma GTI a m'tauni muno. Mutsimikize ndi gulu 115 galimoto ikakonzedwa: mukachotsa 830 uja pa nambala yapamwamba, n'kupeza kuti turbo ikukankha kupitirira kwambiri 1 bar (1,000 millibar), pulogalamu si ya ku fakitale. Pulesha yokwera chonchi imalemetsa cam follower, komanso imafuna petulo wambiri pa ma rpm apakati, malo omwewo amene pampu ya ku fakitale imakhala pa malire ake. Ena amathetsa zimenezi poika pisitoni yaikulu mkati mwa pampu, koma pisitoni yaikulu imapanikizanso kachitsulo komweko koposa. Kwa munthu wofuna kufika ku Dedza ndi ana m'galimoto, wodutsa malo amene petulo wake sangamusankhe, ine ndingabwezeretse pulogalamu ya ku fakitale.

Zonse zikamangidwa, fufutani makhodi, yendani masiku angapo kuti kompyuta iphunzirenso, kenako musungenso magulu 032, 230 ndi 231, muonjezerepo 031 la lambda ndi 020 loonetsa ngati kompyuta ikubweza moto wa mapulagi chifukwa cha kugogoda. Pulesha yopezeka mu rail izitsatira yopemphedwa mosasiyana kwambiri kuyambira pa 2,500 rpm mpaka kumtunda, lambda itsikire cha ku 0.8 mukaponda moto wonse, ndipo manambala a 020 akhale aang'ono ndi ofanana pa masilinda onse anayi. Ngati camshaft yakale yatsala, mutsegulenso pampu pakatha makilomita 1,000 kuti muone ngati utoto wakuda wa cam follower yatsopano ukadalipo, ndipo zimenezi zichitike Disembala asanafike. Kuyambira pamenepo muziiona pa makilomita 15,000 alionse, ndipo pa ulendo wa kumudzi munyamule ina yapadera pamodzi ndi kamphira kake kotsekera ndi sipanala ya Torx T30.